Phewa la Atate ndi Bodza Langa la Lachitatu

Atate anga anayamba kutsogolera kwaya ya mpingo wathu ku Kabwata ine ndisanabadwe. Ine ndinalowamo ndili mu giredi 8, ndipo si mawu anga amene anandilowetsa. Amayi anaona kuti tsiku lililonse limene iwo ndi atate apita kokaphunzira nyimbo, ine n'kutsala ndekha pafulati, pamachitika zinthu. Tsiku lina nsapato zonse za anthu okhala pamwamba pathu zinapezeka zitandandalikidwa pakhomo la anthu a pansi. Tsiku lina foni ya amalume inalira ngati mbuzi iwo ali pakati pa msonkhano wa kuntchito. Palibe amene anandigwira, koma amayi safuna umboni. Anandipatsa buku la nyimbo n'kundiimika pamzere wa alito, pamene atate angandione bwino.

Chaka chimene ndikunena pano ndinali mu giredi 11. Phewa lamanja la atate linayamba kuwawa nyengo yozizira itangoyamba. Amagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Heavy Industrial Area. Ntchito yawo ndi yoyang'anira, koma sakhulupirira kuti pali mnyamata amene angaike katoni pashelefu molunjika, choncho zaka zonsezi akhala akukweza okha makatoni pamwamba pa mutu. Mkono unkanyamuka bwinobwino mpaka pachifuwa. Ukangofika polingana ndi phewa, nkhope yawo inkasintha ngati aponda msomali.

Anabisa. Atate ndi mkulu wa mpingo, munthu wa ku Katete, ndipo amakhulupirira kuti matenda ukawatchula amakhazikika. Koma pa kwaya sungabise mkono. Anayamba kutsogolera nyimbo dzanja lili pamimba, ngati akusisita mphaka. Ife a kutsogolo tinkaliona. A besi, amene amaima kumbuyo kwenikweni, sankaona kanthu, ndipo Lamlungu lina analowa mochedwa m'nyimbo ya chopereka mpaka abusa anadzutsa mutu.

Chimene chinkawadya atate sunali ululu. Kamodzi pachaka makwaya a mipingo yathu ya mu Lusaka amasonkhana kuimbirana, ndipo chaka chimenecho ankasonkhana ku Chelstone, patatsala miyezi itatu ndi theka. Atate anali asanaphonyepo n'kamodzi komwe. Koma analipo wachiwiri wawo, bambo wamtali wa ku Libala wogulitsa zitsulo za galimoto m'tauni, amene anadikira zaka zambiri ali ndi mikono iwiri yabwinobwino. Tonse tinkangowatcha ba Vaisi. Lamlungu lomwelo, anthu akutuluka, ndinawamva akuuza mlembi wa komiti ya kwaya kuti, "Ba kwayamasta afunika kupumula. Si kuti nifuna malo yao, iyayi. Nimvela chabe chifundo."

Amayi atamva zimenezi kwa ine, anawakokera atate kuchipatala. Dokotala anawatumiza kwa fiziyo, katswiri wowongola minofu ndi mafupa, pa kakiliniki kena ka ku Woodlands. Tsiku lopita kumeneko amayi anandijombetsa sukulu.

"Upite nawo, ukamvetsere zonse," anatero. "Akapita okha adzabwera n'kunena kuti auzidwa kuti palibe vuto."

Fiziyoyo anali mtsikana wa Chibemba, wamfupi, wovala nsapato zothamangira.

"Shani ba tata," anawalonjera. "Tiyeni. Vulani shati."

Atate anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga. Anatsala ndi vesiti.

"Kwezani kwanja pang'ono pang'ono. Apo? Ndiye pamene ibaba?"

"Sipapweteka kwenikweni," anatero atate, thukuta lili pamphuno.

"Ba tata, nkhope yanu yakamba kale."

Atawapinda mkono uku ndi uku, anandiitana ine n'kunditembenuza kuti msana wanga uloze kwa atate. Anaika zala pa mafupa awiri otambalala aja ali kumsana, kuseri kwa mapewa. Anafotokoza kuti mkono ukamakwera, fupa limenelo liyenera kutsetsereka ndi kutembenuka kuti lipereke mpata. Minofu yoligwira ikafooka, phewa limagwera kutsogolo, mpata umachepa, ndipo mtsempha wodutsa pamenepo umapanika nthawi iliyonse imene mkono wakwera.

"Monga chala pa chitseko," anatero. "Manje imwe mwakhala mutseka ichi chitseko zaka zingati?"

Fiziyo anawaimika chilili n'kuwauza kuti akokere mafupa awiriwo kumbuyo ndi pansi, ngati akufuna kupana pensulo pakati pake, awerenge mpaka faifi, kenako amasule. Atate anakweza mapewa mpaka kumakutu. Iye anawatsitsa ndi manja ake, ngati akukhazika mwana pampando. Atatero anawatengera pakhoma, anawatsamiritsa mikono kuyambira pachigongono mpaka kuzala, n'kuwauza kuti aitsetseretse m'mwamba pang'onopang'ono, aime pamene ululu wayambira, abwerere. Pomaliza anatulutsa lamba wofiira wa labala, anamumanga pachogwirira cha chitseko, nawaonetsa kukoka zigongono kumbuyo chifuwa chili chotambasuka. Zonsezi ankayamba wandichititsa ine kuti atate aone kumsana kwanga mmene mafupa akuyendera. Ndi mmene ndinazidziwira bwino kuposa mwini phewa.

"Minofu ikalema, ili bwino. Koma ikababa monga mpeni, lekani. Makatoni pamwamba pa mutu, lekani. Na izi ni tsiku na tsiku, ba tata, osati pa Sande chabe monga mapemphelo ya anthu ena."

"Nanga mkono udzakwera liti?"

"Mukachita, mwina miyezi iwili, itatu. Mukaleka, ningakambe chani."

Tili m'minibasi pobwerera, atate anandiuza kuti amayi ndikawauze kuti vuto si lalikulu. Ndinavomera. Titafika ndinawauza amayi zonse, ndi kuwaonetsa pakhoma la kukhitchini.

Sabata yoyamba anachita. Ankadzuka m'mamawa, kutseka chitseko cha pabalaza, n'kuyamba. Koma chitseko chimenecho chili ndi galasi losweka pakona, bowo lokwana diso limodzi, kapena diso la foni. Aliyense wowerenga izi aganize kaye asanandiweruze. Mkulu wa mpingo, ndi kamimba kake, ali mu vesiti ndi thalauzi la kuntchito, chifuwa chili patsogolo, khosi litatalika, zigongono zikupita kumbuyo ndi kubwerera, akuwerenga motsitsa mawu. Anali tambala. Si ine ndinawasandutsa tambala. Ine ndinangowajambula n'kuikapo kulira kwake.

Kavidiyoko ndinatumizira msuweni wanga wa ku Libala yekha, ndi mawu akuti asaonetse munthu. Pofika masana kanali m'gulu la pafoni la banja lonse, mpaka azakhali a ku Chipata analemba kufunsa ngati ndi gule watsopano wa m'tauni. Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi. Msuweni wangayo amakhala mpanda umodzi ndi ba Vaisi.

Loweruka ku kwaya, atate atangonyamula dzanja kuti tiyambe, wina pamzere wa tena analira ngati tambala, pang'ono chabe, cha kukhosi. Anthu anagwira pakamwa. Atate anatsitsa dzanja, anatsegula buku, natchula nambala ya nyimbo ina. Kunyumba sanandikalipire. Anamasula lamba uja pachitseko, anamupinda bwinobwino, n'kumuika m'dirowa ya masokosi. Foni yanga analanda ndi amayi.

Kavidiyoko kanali koseketsa, ndipo ndikakakumbukira ndimasekabe. Koma masabata awiri otsatira sanali oseketsa. Atate analekeratu, ndipo mkono unabwerera pamene unali, mwina kuposa. M'mawa uliwonse ndinkamva amayi akuwathandiza kuvala jekete, iwo akupumira m'mano. Komiti inakumana n'kugwirizana kuti miyezi iwiri ikatha mkono usanakwere poti a besi auone, ku Chelstone adzatsogolera ba Vaisi. Atate anabwera nayo okha nkhaniyo. Anaifotokoza patebulo ngati ya munthu wina, kenako anapempha mchere.

Tsiku lotsatira ndinkayanika zovala ndi amayi kuseri kwa mafulati.

"Waseka?" anandifunsa.

"Amayi, inali ya msuweni chabe."

"Sindinafunse zimenezo. Ndati waseka, wakhuta?" Anakung'untha shati ya atate. "Bambo akowa akachotsedwa pa kwaya paja, adzakhala pampando kuyang'ana khoma mpaka kukalamba. Ine ndalankhula. Fiziyo waimba foni, walankhula. Bambo ako akuti iwo si choseketsa ana. Wathyola ndiwe, ukonze ndiwe."

"Nikonze bwanji?"

"Mutu umene unaika tambala uja unapita kuti?"

Kupepesa ndinakuganizira, ndisaname. Koma ndinaona kuti sikungathandize. Atate akanangoti zatha, mwana wanga, ndipo lamba akanakhalabe ndi masokosi. Sanali okwiya. Ankachita manyazi, chifukwa mu mpingo wonse tambala anali iwo okha. Nditafika pamenepo, zotsalazo zinabwera zokha.

Lachitatu atate amafika mochedwa ku kwaya, chifukwa minibasi zochokera kuntchito kwawo zimaima pamzere polowa m'tauni. Makiyi a holo ndi chikwama cha nyimbo ndimanyamula ndine, ndipo uthenga wawo uliwonse umadzera pakamwa panga: yambani ndi nyimbo yakuti, a sopulano abwereze ndime yachiwiri. Uthenga wotere palibe amaukayikira, ngakhale ubwere ndi munthu ngati ine. Mawu a kwayamasta ndi mawu a kwayamasta.

Lachitatu limenelo ndinadikira mpaka amayi busa atafika. Iwo amaimba sopulano, ndipo chimene avomera palibe amachitsutsa. Ndinaima kutsogolo, manja kumbuyo, nkhope ngati ya pamaliro.

"Ba kwayamasta akuti tisayambe nyimbo," ndinatero. "Akuti kuyambila lelo tiziyamba na maekisasaizi yotsegula chifuwa. Akuti makwaya yakulu yonse yachita so, ndiye chifukwa mawu yao yamveka mpaka ku mseu. Ija vidiyo munaona, anali kukonzekela kuti atiphunzitse."

Mnyamata wa tena uja anayang'ana pansi. Ba Vaisi anapinda manja pachifuwa.

"Iwe mwana, izi anakamba liti?"

"Lelo kuseni, ba Vaisi. Anakamba futi kuti imwe muime kutsogolo, ndaba ndimwe atali, onse azionela kwa imwe."

Anatsegula pakamwa, koma amayi busa anali ataika kale chikwama pabenchi.

"Ine mapewa angawa amalemera ndi makina osokera," anatero. "Tiye mwanangu, tionetse."

Ndinawaonetsa ndendende mmene fiziyo anachitira, mpaka kayendedwe kake. Ndinkazungulira mizere manja kumbuyo. Pensulo pakati pa mafupa, panani, werengani mpaka faifi. Agogo ena a besi mafupa awo analira ngati nkhuni zouma, iwo eni n'kuseka. Mayi wina anafunsa ngati pensuloyo abwere nayo kuchokera kunyumba. Ba Vaisi anaima kutsogolo, chifuwa patsogolo, zigongono kumbuyo, ndipo ndikunena zoona, tambala wawo anali wamkulu kuposa wa atate.

"Ba Vaisi, mapewa pansi. Si kumakutu."

"Niziba," anatero.

"Ba kwayamasta anakamba kuti nizikonza aliyense."

Atate analowa tonse tili pakhoma, anthu makumi atatu titafulatira chitseko, mikono ikukwera ndi kutsika. Anaima pakhomo ndi kachikwama kawo konyamulira chakudya. Nditacheuka ndinaona maso awo akuyenda ndi mzere wonse, munthu mmodzimmodzi, mpaka anandipeza. Ndinawagwadira pang'ono mwaulemu.

Amayi busa anatembenuka, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Akulu a mpingo, mwatichitira zabwino. Nzeru zoterezi munkabisiranji? Ine pano ndikupuma ngati mtsikana."

Apa ndi pamene panali msampha, ndipo ndimaunyadira mpaka lero. Atate akanatha kunena kuti sanatume munthu. Koma kutero kukanakhala kuuza amayi busa, pamaso pa komiti yonse, kuti mwana wa mkulu wa mpingo waima m'holo ya tchalitchi n'kunama, ndiponso kuti amayi busawo akhala akukwawa pakhoma chifukwa cha bodza la mwana wa sukulu. Kwathu mkulu amene mwana wake wachita zotere amakhazikidwa pansi ndi akulu anzake, n'kufunsidwa ngati nyumba yake akuitha. Atate amazidziwa bwino zimenezi, chifukwa kawirikawiri wofunsa mafunsowo amakhala iwo.

Anakhala chiimire nthawi yokwana kuimba ndime imodzi. Kenako anaika kachikwama pabenchi. Anavula jekete pang'onopang'ono, kuyambira mkono wamanzere.

"A besi," anatero, "mukukweza mapewa. Tsitsani. Tiyambirenso."

Anaima pakhoma pakati pa ba Vaisi ndi amayi busa. Mkono wawo unalekera m'munsi kuposa wa wina aliyense, koma palibe analira ngati tambala, chifukwa aliyense anali ndi khoma lake loti ayang'ane.

Pobwerera kunyumba tinayenda mpaka pa kantemba ka mayi wogulitsa tomato.

"Iwe," anatero atate. "Makwaya akuluakulu ati amene amachita zimenezi?"

"Siniziba, atate. Koma yafunika kuyamba."

Anatulutsa mpweya m'mphuno. Sindinadziwe ngati kunali kuseka.

"Mbale zonse, mwezi wathunthu. Ndi masitepe a fulati, kukolopa Loweruka lililonse."

"Inde atate."

"Unanama m'nyumba ya Mulungu."

"Ni holo chabe, atate. Tchalitchi ili kumbali."

"Miyezi iwiri."

Tinayendanso pang'ono.

"Wachiwiri wanga uja akupinda msana akamakoka," anatero. "Loweruka ukamuuze."

M'mawa mwake lamba anabwerera pachitseko, ndipo chitsekocho sanatsekenso. Kwaya imakumana katatu pa sabata, koma munthu wophunzitsa ena sangalole kuti amayi busa amupose, choncho atate ankachita tsiku lililonse asanapite kuntchito, nthawi zina ndi pobwera. Kuntchito anayamba kulola anyamata kukweza makatoni, iwo n'kumaloza ndi dzanja lamanzere kuti apotoka. Titabwerera ku Woodlands ndinamufotokozera fiziyo zonse, atate akuyang'ana kalendala ya pakhoma. Anaseka mpaka anakhala pabedi la odwala. Atatha anatiuza kuti kwa anthu abwinobwino zimenezo n'zosavulaza, koma aliyense wa m'kwaya amene phewa likumuwawa zenizeni apite akapimidwe, asangotengera za atate. Kenako anawaonjezera atate ekisasaizi ina: kupana thaulo lopinda m'khwapa, chigongono chili pambali pa nthiti, n'kumakoka lamba kutulutsira dzanja kunja osagwetsa thaulolo.

Atate anaibweretsa ku kwaya Loweruka lomwelo ngati nzeru imene yawafikira m'maloto. Malamba ofiira a kukiliniki sakanakwanira anthu makumi atatu, choncho anandituma kwa wokonza matayala wa pamsewu, amene anatidulira machubu akale kukhala malegeni. Tinawamanga pazitsulo za mawindo a holo. Anthu odutsa ankaima kusuzumira. Tsiku lina legeni la ba Vaisi linaduka ali pakati pokoka, iwo n'kukhala pansi mwadzidzidzi pamiyendo ya mayi wina wa alito. Sindinalidule ine. Ndinangoliona kuti latha, n'kuwapatsa.

Sizinayende molunjika. Sabata yachitatu atate anafuna kuonetsa anthu kuti mkono wakwera, anaukankha kupyola pamene ululu unayambira, ndipo anakhala masiku atatu osatha ngakhale kupesa tsitsi. Amayi ankawaika botolo la madzi otentha paphewa akuwanena. Fiziyo naye anawanena pafoni, ine ndikumvetsera kukhitchini m'manja muli mbale.

"Ba tata, ninakamba chani za mpeni?"

"Ndinaiwala, mayi."

"Simunaiwale. Munafuna kuonetsa."

Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyambiranso. Chimene chinasintha poyamba si mkono, koma kaimidwe. Atate amene ndinawazolowera anali munthu wowerama ngati akuwerenga ndalama yogwa pansi. Tsopano ankayenda chifuwa chili poyera, mpaka mayi wa tomato anawafunsa ngati akwezedwa pantchito. Pambuyo pake anayamba kuvala jekete okha. Tsiku lina ndinawaona atatenga kapu pashelefu ya pakati, osazindikira n'komwe kuti atenga ndi dzanja lamanja. Ndinawauza amayi, iwo anati ndisawauze, angayambenso kuonetsa.

Ngati kwaya inayamba kuimba bwino chifukwa cha zimenezi, ine sindikudziwa. Amayi busa ankati inde, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Miyezi iwiri itatha, komiti inatsalira m'holo pambuyo pa kuphunzira nyimbo. Ife ena tinauzidwa kuti tituluke. Tinatuluka n'kukaima pamawindo. A besi anauzidwa kuti atsale pamalo awo, chifukwa nkhani inali yawo. Mlembi anapempha atate mwaulemu kuti akweze mkono. Atate anaima, anakokera mafupa aja kumbuyo ndi pansi, ndinawaona ndi maso anga kudzera m'shati, n'kuyamba kukweza. Mkono unadutsa pachifuwa, unadutsa paphewa pamene unkakanira, unafika polingana ndi chipumi. Pamenepo unaima. Dzanja linali pamwamba pa mutu pang'ono.

"Koma siifika pamwamba," anatero ba Vaisi. "Kale inali kufika pamwamba."

Agogo aja a mafupa olira anayankha ali kumbuyo.

"Ife tifuna kuona dzanja, osati kukhwapa. Dzanja tikuliona."

Mlembi anafunsa a besi mmodzimmodzi, ndipo onse anati akuliona. Wina anati akuona mpaka mphete. Mphete ili kudzanja lamanzere, koma palibe anamutsutsa. Komiti inagamula kuti ku Chelstone atsogolera atate. Ba Vaisi anawagwira chanza, ndipo ndiyenera kunena kuti anagwira mosamala, osagwedeza.

Tsiku losonkhana tinanyamuka m'mawa pa minibasi ziwiri zobwereka. Holo ya ku Chelstone inali yodzaza mpaka ena anaima panja. Nthawi yathu itayandikira, atate anatitengera kuseri kwa holoyo n'kutindandalika pakhoma, tili mu yunifomu yathu. Anthu a makwaya ena ankadutsa akutiyang'ana. Mtsikana wina wa ku Kabulonga anayamba kutijambula ndi foni. Ndinamuuza kuti ajambule bwino, ayambire kwa bambo wamtaliyo.

Tinaimba nyimbo zitatu. Ziwiri zoyamba zinayenda ngati madzi. Pa yachitatu, imene ndi yaitali ndipo a besi amalowa kanayi, ndinaona mkono wa atate ukuyamba kutsika pang'onopang'ono. Thukuta linkatsikira m'kolala. Ine ndinali pamzere wachiwiri, molunjika ndi iwo. Ndinawongoka, ndinakokera mapewa anga kumbuyo mokokomeza, khosi n'kulitalikitsa, uku ndikuimba. Anandiona. Milomo yawo inagwedezeka. Anawongoka nawonso, mkono unakweranso, ndipo a besi analowa pa nthawi yake kanayi konse. Nyimbo itatha anatsitsa mkonowo pougwirizira ndi dzanja lamanzere, anawerama kwa anthu, n'kutsika pansanja ngati palibe chachitika.

Pobwerera ndinakhala nawo mpando umodzi kumbuyo kwa minibasi. Dzuwa linali lisanalowe. Mkono anauika pa chikwama cha nyimbo chimene chinali pamiyendo panga. Amayi anali kutsogolo ndi amayi busa, akukambirana za yunifomu ya kwaya ina imene inali yothina.

"Ibaba?" ndinawafunsa.

"Lalema chabe. Lolemba tipita kwa mtsikana uja akalione."

Tinadutsa pamphambano ziwiri. Kenako anayankhula motsitsa, akuyang'ana pawindo.

"Komiti yagwirizana kuti maekisasaizi aja alowe m'malamulo a kwaya. Tsiku lililonse lophunzira nyimbo, chaka chonse."

"Nizatsogolela ndine?"

"Iwe ndi mwana. Ntchito yotere imafuna munthu waudindo, woti aziima kutsogolo anthu onse n'kumamuona." Anakonza tayi ndi dzanja lamanzere. "Ndinapereka dzina la wachiwiri wanga. Amayi busa avomera."

Ba Vaisi anali mipando iwiri kutsogolo kwathu, mutu utagunda denga, akudya chimanga chootcha, asanamve kanthu. Ndinawayang'ana atate. Nkhope inali ya mkulu wa mpingo, maso ali pamsewu. Koma kamimba kaja kankagwedezeka, ndipo kanagwedezeka mpaka tinafika ku Kabwata.